Chilengezo: Loweruka lino tikambirana za ntchito ya a Muyembe

Abale ndi alongo m'gulu lathu la azaumoyo, tikumana Loweruka lino ku Kabwata, pamalo athu a masiku onse, nthawi ya 2 koloko masana. Chonde tisachedwe.

Tikambirana za Pulofesa Jean-Jacques Muyembe-Tamfum a ku DR Congo, dziko loyandikana nafe. Mu 1976 anapita ku Yambuku, mudzi wa m'dziko lawolo, komwe anthu ankamwalira ndi matenda osadziwika. Anatenga magazi a odwala opanda zodzitetezera zokwanira, ndipo chaka chomwecho kachilombo ka Ebola kanadziwika. Dzina lawo linakhala kumbuyo kwa zaka zambiri pomwe akatswiri a ku Ulaya ankatamandidwa, ndipo zimenezi ine zimandipweteka mtima.

Chomwe ndikufuna tichifukule kwambiri ndi cha ku Kikwit, tawuni ya ku DR Congo komweko, mu 1995. Iwo ndi anzawo anaika magazi a anthu omwe anachira Ebola mwa odwala 8, ndipo 7 anapulumuka. Ambiri anakayika, poti odwalawo anali ochepa. A Muyembe sanataye mtima. Patapita zaka, m'magazi a munthu mmodzi yemwe anachira ku Kikwit munapezeka chitetezo chomwe chinasanduka mankhwala a mAb114, omwe dziko la America linavomereza mu 2020. Ku INRB, likulu la kafukufuku lomwe amatsogolera ku Kinshasa, asula achinyamata ochuluka.

Inu a ku labotale, bwerani ndi mafunso. Tikhudzanso za kachilombo ka Lujo ka mu 2008, komwe dzina lake linachokera ku Lusaka ndi Johannesburg.

Omwe simunapereke zopereka za mwezi uno, mudzaonane ndi amayi msungichuma tisanayambe.