Lipoti la msonkhano wa makwaya a m'dinale yathu

A Tcheyamani, a Kwayamasitala, amayi ndi abambo nonse a m'kwaya yathu, moni nonse.

Munatituma awiri, ine ndi amayi amodzi a ku alto, kukakuimirani ku msonkhano wa makwaya Loweruka lapitali. Ndalemba kuti nawo amene sanafike ku pulakatisi ya Lachinayi amve. Za ndalama sinditalikitsa: malisiti a minibasi ndi a chakudya ali ndi a Msungichuma, ndi chenji chomwe. Tinafika pemphero lotsegulira litatha kale, chifukwa magalimoto anali atathinana pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe.

Ndiyambe ndi chimene chandisowetsa tulo. Wophunzitsa anali bambo wansembe wodziwa za liturujiya, ndiko kuti mwambo wa mapemphero a Mpingo. Asanatsegule buku lililonse, anapempha kwaya imodzi kuti iyimbe nyimbo yolowera monga imachitira Lamulungu, ndipo ife otsala tikhale ngati mpingo. Mnyamata wa pa kiyibodi anatsegula ng'oma za m'makina zija, besi nkumagunda m'chifuwa. Zinali zokoma, ndisaname. Tili pakati pa ndime yachiwiri, Bambo anapita kukhoma nkuzula pulagi. Chimene chinatsala ndi mawu a anthu ochepa a kutsogolo, ofooka, ena atasochera kale pa kiyi. Holo yonse inali chete. Tinali tikugwedeza mapewa ndi kuwomba m'manja, koma pakamwa tili chitsekere. Ndipotu tonse m'menemo ndife anthu a kwaya.

Kenaka anaitana bambo ena achikulire amene anabwera ndi ng'oma yawo yachikopa, tsitsi la ng'ombe likuonekabe m'mphepete. Anaiwamba pang'ono padzuwa, nkuikhazika pakati pa miyendo. Amayi amodzi anayambitsa nyimbo yomweyo motsitsa kiyi, wina nkulowa ndi chisekese. Tisanamalize ndime yoyamba, holo yonse inali ikuimba, mpaka amayi ophika kuseri anamveka akuvomera.

Pamenepo ndinakumbukira za kwathu. Mukukumbukira Lamulungu lija magetsi anazima tili pa nyimbo ya chopereka pa Misa yachiwiri? Ife tinayang'anana, ena nkuthamangira ku jenereta. Amene ananyamula nyimboyo ndi agogo a ku mabenchi a kumbuyo, omwe sitinawamvepo mawu chaka chonse. Tsiku limenelo tinatuluka tikudandaula kuti magetsi atichititsa manyazi. Lero ndikuona kuti ndi tsiku limene mpingo wathu unaimba koposa. Akhristu athu nyimbo amazidziwa. Ndife amene timawaphimba.

Bambo anatiwerengera zimene Mpingo unalemba, kuti tisayese ndi maganizo awo okha. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chonena za liturujiya, cha pa 4 Disembala 1963, chimati akhristu onse atenge nawo mbali pa mwambo mokwanira komanso mozindikira. Ndime 119 ya chikalatacho imalemekeza nyimbo za makolo a anthu a m'maiko ngati lathu, ndipo ndime 120 imatsegula khomo kwa zida zina kupatula limba lalikulu la m'tchalitchi, bola akuluakulu a Mpingo avomereze ndipo zidazo ziyenerane ndi nyumba ya Mulungu. Choncho ng'oma ndi chisekese sizinalowe m'tchalitchi mozemba. Koma malangizo a za nyimbo amene anatuluka mu 1967 amanena mosabisa kuti zida zisamize mawu mpaka munthu kulephera kumva zimene zikuimbidwa, komanso kuti zikhale chete pamene wansembe akunena mokweza mawu a udindo wake. Apa ambiri tinaweramitsa mitu. Chizolowezi chija choliza kiyibodi chapansipansi Bambo akunena mawu opatulira mkate ndi vinyo chilipo m'maparishi ambiri, ndipo kwathunso chilipo. Chiyenera kutha.

Mkangano waukulu unabuka pa nkhani ya Lenti. Lamulo la m'buku la Misa likuti m'nyengo ya Lenti zida zilire pongothandiza mawu basi, kupatula Lamulungu lachinayi la Lenti ndi masiku a zikondwerero, ndipo mu Adventi zilire modziletsa. Ena anati ndiye ng'oma zikhomeredwe m'sakristiya mpaka Pasaka. Ena anati popanda ng'oma nyimbo zathu zimakokeka ngati za pa maliro, anthu nkuyamba kuwodzera. Amayi amodzi anakumbutsa kuti ngakhale pa siwa Amalawi timawomba m'manja mwa kayendedwe kake. Sitinamange chimodzi. Mapeto ake anali akuti kwaya iliyonse ikakhale pansi ndi Bambo Mfumu ake. Ine maganizo anga ndi akuti ng'oma imodzi yogunda mofatsa siswa Lenti, koma ng'oma za m'kiyibodi ndi kuliza kwautali nyimbo isanayambe zipume masiku 40 amenewo. Tikatero, nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu ya usiku wa Pasaka idzamveka ngati mvula yoyamba. Panopa Lenti ndi Pasaka kwathu zimalira chimodzimodzi, kusiyana kwake nkwakuti Aleluya tamusiya.

Pali chinthu chimodzi chimene sichinandisangalatse. Pokambirana m'magulu, anthu ambiri anatsanulira mlandu wonse pa anyamata oliza zida. Bambo ena mpaka anaponya mwambi woti ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, anthu nkuseka. Ine ndinaimirira ndi kuwaikira kumbuyo anawa, ndipo ndikhulupirira ndinayankhula m'malo mwanu. Mwana wathu wa pa kiyibodi anadziphunzitsa yekha, kumvera pa foni ndi kuonera anzake pa maukwati. Palibe amene anamulipirirapo sukulu ya nyimbo. Amafika Misa yoyamba kukadali chisisira, amanyamula yekha masipika, ndipo chingwe chikaduka amalumikiza ndi selotepi ya ndalama yake. Ndani wa ife anakhalapo naye pansi kumufotokozera mbali za Misa? Ndiponso amene timamukodola ndi dzanja kuti akweze voliyumu ndife tomwe, makamaka tsiku limene nyimbo sitinaiphunzire bwino ndipo tikufuna pobisala.

Nkhani ya kiyi nayo ndi yathu. Timasankha kiyi yokomera masoprano athu atatu amphamvu aja, kuiwala kuti m'mamawa mawu a munthu amakhala asanatseguke. Mayi wobereka mwana kumbuyo akayesa kawiri nkulephera kufika pamwamba, amangosiya. Kutsitsa pang'ono chabe kumabweza theka la tchalitchi.

Pa za Salimo, Bambo sananyengerere. Salimo ndi Mawu a Mulungu, gawo la mawerengo a tsikulo, ndipo sitiloledwa kuikapo nyimbo ina chifukwa choti ndi yokoma kapena ndi imene tayeserera. Chimodzimodzi Ulemu kwa Mulungu: mawu ake sasinthidwa ndi nyimbo ina yotamanda. Anatipemphanso kuti nyimbo yatsopano, ngakhale yopeka m'modzi wa ife, iyambe yaonedwa ndi wansembe isanafike pa Misa, popeza chimene anthu aimba ndi chimene amakhulupirira. Ndinaonjezapo mumtima kuti kubweretsa nyimbo zatsopano zinayi Lamulungu limodzi, monga tinachitira mwezi watha, nkutseka anthu pakamwa.

Zina zinadutsa mwachangu. Za mayunifolomu anati parishi iliyonse ione thumba lake, ndipo munthu asabwezedwe pa kwaya chifukwa chosowa nsalu. Za kuphunzira solofa (kuwerenga nyimbo ndi do-re-mi), makwaya oyandikana agwirizane kupeza mphunzitsi mmodzi. Za tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, pa 22 Novembala, kalata idzabwera kudzera ku ofesi ya parishi. Nthawi yambiri ya masana inathera pa za mipikisano ya makwaya, ndipo sindinatolepo chothandiza.

Tsono ndikupempha komiti kuti itilole kuyesa izi kwa mwezi umodzi. Munthu mmodzi wa ife azikhala ku benchi yomaliza Misa yonse, nkumatiuza ngati mawu a nyimbo akumveka. Mphindi zisanu Misa isanayambe, a Kwayamasitala aziphunzitsa mpingo mawu ovomera a Salimo. Ndipo pa pulakatisi iliyonse nyimbo iziyamba yaimbidwa popanda chida, kiyibodi ilowe pambuyo. Nkhani ya Lenti ndi ya kuliza pa nthawi yopatulira a Tcheyamani akaitule kwa Bambo Mfumu, mnyamata wathu wa pa kiyibodi ali pomwepo, kuti asamve ngati tikumuweruza kuseri.

Ng'oma yathu yaikulu ija chikopa chake chinang'ambika chaka chatha, ndipo ikadali kuseri kwa kabati m'sakristiya. Bambo achikulire a ng'oma yachikopa aja avomera kudzaikunga ngati titapeza chikopa cha ng'ombe. Amene akudziwa wopha ng'ombe wodalirika andiuze Lachinayi pa pulakatisi.