Kalata kwa a Nambewe pa nkhani ya malo ogona a Tadala

Ithaca, New York

Okondedwa a Nambewe,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana onse ku Johannesburg konko. Kuno tilipo. Kalata yanu ndailandira, ndipo ndasangalala kwambiri kumva kuti Tadala wapeza malo pa yunivesite ya Cornell kuno ku America. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho akafika kuno adzapeza mayi. Mwandifunsa za fomu yosankhirapo malo ogona, makamaka za nyumba yolemekeza mbiri ndi chikhalidwe cha anthu akuda yotchedwa Ujamaa, imene iye akuifuna koma bambo ake akuikana, ati sangatumize mwana kutsidya kwa nyanja kuti akamupatule chifukwa cha khungu lake. Nkhawa imeneyi si yachibwana, ndipo ndiyesetsa kuiyankha mofatsa kuti kalatayi muwerenge nonse awiri.

Ndikudziwa kumene mantha awowo akuchokera. Munali kale ku South Africa mu 2008 pamene inatulukira vidiyo ya ku hositelo ya Reitz pa yunivesite ya Free State, ija yoonetsa anyamata anayi achizungu akunyazitsa ogwira ntchito akuda asanu pofuna kusonyeza kuti sakufuna kugona nyumba imodzi ndi anthu akuda. Aliyense amene anaona zimenezo, akamva za hositelo yokhudzana ndi mtundu wa anthu mtima umamulumpha. Koma pempho langa ndi lakuti bambo a Tadala afunse kaye kuti nyumbayo anaimanga ndani, anaimangiranji, ndipo pakhomo pake amabwezapo ndani, chifukwa mayankho a mafunso amenewa ku Reitz ndi ku Ujamaa ndi osiyana kotheratu.

Cornell inayamba mu 1865, koma kwa zaka pafupifupi 100 ophunzira akuda anali owerengeka chabe. Chiwerengero chinayamba kukwera m'zaka za m'ma 1960 pamene mkulu wa yunivesite, James Perkins, anayambitsa ndondomeko yowafunafuna, moti pofika 1969 analipo pafupifupi 250 pakati pa ophunzira pafupifupi 14,000. Kulandiridwa pa pepala kunali kosiyana ndi kulandiridwa m'mahositelo. Atsikana akuda anapempha nyumba yawoyawo, ndipo mu 1968 anapatsidwa Wari House. Usiku wina mu April 1969 anthu anayatsa mtanda pakhomo pa nyumbayo, ndipo kwa munthu wakuda wa kuno mtanda woyaka ndi uthenga wa gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan, uthenga woopseza moyo. M'mawa wa pa 19 April ophunzira akuda analowa m'nyumba yochitiramo zochitika za ophunzira, Willard Straight Hall, n'kudzitsekeramo. Anyamata ena achizungu atayesa kuwatulutsa ndi nkhonya, iwo anaitanitsa mfuti kuti adziteteze, ndipo atatha maola 36 anatuluka mfutizo zili m'manja. Chithunzi chawo chinafalikira dziko lonse, ndipo Perkins anatula pansi udindo chaka chomwecho. Malo ophunzirira mbiri ndi chikhalidwe cha anthu akuda amene anatsegulidwa mu 1969 anatenthedwa mu April 1970. Ujamaa inatsegulidwa mu 1972, ndipo dzinalo ndi mawu aja a Chiswahili otanthauza ubale omwe ankalalikira Julius Nyerere wa ku Tanzania, amene maganizo ake ankakopa kwambiri achinyamata akuda a kuno masiku amenewo.

Mukuona tsono kuti ophunzira akuda sanatsekeredwe mu Ujamaa ndi akuluakulu ofuna kuwachotsa pamaso pa azungu. Anaimenyera nkhondo ndi ophunzira eni ake amene ankasowa pogona mtima uli m'malo. Ndiponso pakhomo pake sabwezapo munthu chifukwa cha khungu. Wophunzira aliyense, mzungu kapena wa ku Asia, akhoza kupempha malo, ndipo ena amagonamodi. Palibenso amene amakakamizidwa: ophunzira akuda ambiri amagona m'mahositelo wamba, pakuti Ujamaa imasunga anthu pafupifupi 140 okha.

Nyumba zoterezi si za anthu akuda okha. Latino Living Center inatsegulidwa mu 1994, ophunzira ochokera m'mabanja a ku Latin America atachita zionetsero mu November 1993. Koma imene imandikhudza mtima kwambiri ndi Akwe:kon, nyumba ya mu 1991 yolemekeza eni nthaka a dziko lino. Ndi nyumba yaing'ono ya anthu 35, yokutidwa ndi timatabwa, ndipo pakhoma pake pali zojambula za mtundu wa pepo ndi woyera zotengera lamba wa mikanda amene amaimira mgwirizano wa mitundu ya eni nthaka yotchedwa Haudenosaunee. Ndikadutsapo ndimakumbukira kuti yunivesite yonseyi yakhala pa nthaka ya anthu a mtundu wa Cayuga, komanso kuti chuma chimene inayambira chinachokera ku lamulo la Morrill la mu 1862, limene linaipatsa maekala pafupifupi miliyoni imodzi a malo olandidwa kwa eni nthaka. Mwana wa anthu amenewo akapeza chipinda chimodzi pamene miyambo ya kwawo ili pakhoma, ine sindiona kuti wakonderedwa ngakhale pang'ono.

Phindu la nyumbazi limaonekera pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku zimene sizilembedwa m'mabuku a yunivesite. Mtsikana wina wa ku Zambia amene ankaphunzira pa koleji ina m'chigawo chino anandiuza kuti chimene chinkamutopetsa si maphunziro, koma kufotokoza: kufotokoza chifukwa chake amamanga duku pogona, kufotokoza fungo la kapenta m'khitchini, kuletsa anzake kugwiragwira tsitsi lake, ndi kuyankhira Africa yense nthawi iliyonse nkhani ya njala ikabuka m'kalasi. Palibe anamutukwanapo, koma madzulo alionse ankafika kuchipinda ali wolefuka. Ku Ujamaa ndinaonako atsikana awiri m'chipinda chochezera, wina atakhala pansi pa khushoni bukhu la chemistry lili pamiyendo, mnzake ali pampando akumuluka tsitsi chipeso chili kukamwa, ndipo palibe amene ankawayang'ana modabwa. Lamlungu madzulo amakhala ndi msonkhano umene amautcha Unity Hour, pamene amakambirana nkhani zowakhudza, ndipo a chaka chachitatu ndi chachinayi amalangiza atsopano za maphunziro ovuta ndi za kumene angapeze thandizo. Mwana amene wapuma bwino usiku amalimba mtima masana m'kalasi mmene nthawi zina adzapezeka ali yekha wakuda.

Otsutsa nawonso alipo, ndipo ena mwa iwo ndi anthu akuda omenyera ufulu. Michael Meyers wa bungwe la New York Civil Rights Coalition anakasuma ku boma m'zaka za m'ma 1990 ponena kuti nyumbazi ndi tsankho lobisika, koma ofufuza sanapeze kuti lamulo laphwanyidwa. Mu 1996 mkulu wa yunivesite, Hunter Rawlings, anafuna kuletsa ophunzira a chaka choyamba kugona m'nyumbazi kuti ayambe adziwana ndi anzawo a mitundu yonse, ndipo ophunzira anachita zionetsero mpaka ganizolo linasinthidwa. Mfundo ina ya otsutsawa ndimaivomereza: mwana akhoza kudzitsekera pakati pa ofanana naye n'kumaliza zaka zinayi osapalana ubwenzi ndi wina aliyense wa kunja, ndipo kumeneko n'kutaya theka la chimene anadzera. Chimene ndimaopa kwambiri ine ndi china, chakuti yunivesite ikhoza kuloza nyumba imodziyo ngati umboni woti nkhani yatha, pamene m'mahositelo ena khalidwe silinasinthe. Koma mankhwala ake ndi kukonza mahositelo enawo, osati kugwetsa malo okhawo amene akugwira ntchito.

Pali nkhani ina imene ndikufuna Tadala aimve kuchokera kwa inu asananyamuke. Mbiri imene inabala Ujamaa ndi ya zidzukulu za akapolo a dziko lino, osati yathu ife obwera ndi ndege. Kafukufuku wa Douglas Massey ndi anzake wa mu 2007 anapeza kuti pa ophunzira akuda 100 alionse olowa m'mayunivesite otchuka a gulu la Ivy League, limene Cornell ilimo, pafupifupi 41 anali obwera kapena ana a obwera ochokera ku Africa ndi ku Caribbean, ndipo mu 2017 bungwe la ophunzira akuda pa Cornell pomwe pano linadandaula kuti ana a mabanja amene akhala kuno mibadwomibadwo akuchepa. Nkhaniyi imawawa mbali zonse ziwiri. Ana athu ena amafika ndi mtima wodziona ngati olimbikira kuposa eni ake, osadziwa kuti chitseko chimene alowerapo anachitsegula ndi agogo a anzawowo. Tadala akalowe ngati mlendo waulemu, wofunsa ndi womvetsera, ndipo iyenso adzakhala ndi zowaphunzitsa, pakuti wakulira m'dziko limene mabala a apartheid akadali aawisi.

Dziwaninso kuti malamulo akugwedezeka. Mu June 2023 khothi lalikulu la dziko lino linaletsa mayunivesite kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira, pa mlandu wokhudza Harvard ndi yunivesite ya North Carolina. Mu February 2025 nthambi ya boma yoona za maphunziro inalembera masukulu kalata yonena kuti chiletsocho chikukhudzanso malo ogona, ngakhale kuti pambuyo pake makhothi anaiimitsa. Nyumba zolandira aliyense zili pabwino kuposa zina, komabe Tadala awerenge mosamala zimene zalembedwa pa fomu ya chaka chino, ndipo pamene sakumvetsa alembere ofesi yoona za malo ogona.

Maganizo anga ndi akuti mumulole aike Ujamaa poyamba. Ili kumpoto kwa yunivesite kumene ophunzira onse a chaka choyamba amagona, choncho adzadyera ndi kuyendera pamodzi ndi anzake a mitundu yonse, ndipo akaona kuti sakupindula akhoza kusankha kwina chaka chachiwiri. Mumuuze alowenso kagulu kamodzi kapena tiwiri ta kunja kwa nyumbayo, kaya ka kwaya kapena ka masewera. Za majasi ndi nsapato za m'nyengo yachisanu musagule kumeneko, chifukwa za ku Johannesburg sizingapirire kuzizira kwa kuno. Tidzagula limodzi akafika mu August. Mundiuze tsiku la ndege likadziwika, ndipo ngati bambo ake akadali ndi mafunso andiimbire foni Loweruka lililonse.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu,
Naphiri