Tiphunzire kumanga nyumba zozizira ku Yazd

Akonzi,

Ndine mmisiri womanga nyumba kuno ku Nsanje, ndipo ndikufuna anzanga amve za Yazd, mzinda wa m'chipululu ku Iran umene bungwe la UNESCO linauika pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2017. Makoma akumeneko ndi adothi, ochindikala zedi: masana amachedwa kutentha, usiku n'kumatulutsa kutenthako pang'onopang'ono. Padenga amamanga nsanja zobowola m'mbali, zokola mphepo n'kuitsitsira m'zipinda, popanda magetsi.

Ife timangokhoma malata opanda siling'i, tiwindo tiwiri mbali imodzi, basi. Ikafika Okutobala banja lonse limagona pakhonde, udzudzu n'kumadyerera. Ndikawauza eni nyumba za siling'i yabango ndi mawindo oyang'anizana, ena amandiseka kuti n'zachimidzi. Komatu bango tili nalo lambiri m'mbali mwa Shire.

Mmisiri wodandaula,
Nsanje