Lipoti la nthumwi: katundu amene oponya mpira a baseball ankasenza ku America zaka za m'ma 1800

A wapampando ndi mamembala nonse, tabwerako kumsonkhano wa aphunzitsi a masewera umene mudatituma. Nkhani yomwe idatenga nthawi yaitali ndi ya oponya mpira akale a baseball, ndipo phunziro lake ndi lakuti manambala awo osawawerenga popanda kudziwa malamulo a nthawiyo.

Manambalawo ndi odabwitsadi. Mu 1879, Will White wa timu ya Cincinnati adayamba masewero 75 n'kuwamaliza onse yekha, ma inning 680. Inning imodzi kwa woponya imatha akatulutsa omenya atatu. Masiku ano wokwanitsa 200 pa chaka amatamandidwa. Mu 1884, Charles Radbourn wa Providence Grays adaponya ma inning oposa 678 ndipo adamaliza masewero 73. Mnzake wosinthana naye, Charlie Sweeney, adachoka mu July, basi katundu wambiri n'kugwera Radbourn. Zimanenedwa kuti m'mawa mkono unkakana kukwera ngakhale kuti apese tsitsi, mpaka authowe ndi nsalu yotentha, kenako ayambe kuponya chapafupi n'kumatalikira pang'onopang'ono. Timuyo idatenga ligi.

Ankatha bwanji? Choyamba ndi kaponyedwe. Poyambirira lamulo linkafuna kuti dzanja lidzere m'munsi, ndipo ligi yaikulu ya National League idalola kuponyera pamwamba pa phewa mu 1884. Kuponyera m'munsi sikupweteka chigongono ndi phewa ngati kwa pamwamba. Womenya ankachita kuitanitsa kuti mpira ubwere m'mwamba kapena m'munsi, mpaka lamulolo lidachotsedwa mu 1887. Ntchito ya woponya inali kufikitsa mpira, osati kuthera mphamvu zonse pa kuponya kulikonse.

Mtunda wochokera pa woponya kufika pa womenya nawo unali waufupi: mamita 13.7 mpaka 1880, mamita 15.2 kuyambira 1881, kenako mamita 18.44 mu 1893. Apa ambiri amasokoneza. Muyeso wakale unkathera pa mzere wakutsogolo wa bokosi lojambulidwa pansi lomwe woponya ankaimamo, pomwe wa 1893 umathera pamene phazi lakumbuyo liponda. Choncho mtunda weniweni udawonjezeka ndi mita imodzi ndi theka chabe. Komabe zidaoneka: Bill Hutchison adaponya ma inning 622 mu 1892, ndipo chibwerere lamulo latsopanolo palibe adafikanso 500.

China n'chakuti kulowetsa wosewera watsopano pakati pa masewero kunali koletsedwa pokhapokha wina atavulala, mpaka malamulo adayamba kufewa mu 1889. Woponya akatopa ankangosinthana malo ndi mnzake wa m'bwalo momwemo.

Mtsutso udabuka pamene ena adati anthu akale anali olimba kuposa a lero. Ife sitidavomere. Timangokumbukira amene adapirira, monga Cy Young yemwe adamaliza masewero 749. Larry Corcoran wa Chicago, amene mtsogoleri wa timuyo, Cap Anson, ankamusinthanitsa ndi Fred Goldsmith kuyambira 1880, mkono udamuthera pofika 1885 asanakwanitse zaka 30. Tommy Bond nayenso adazilala akadali mnyamata.

Za ana athu, tikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu tikambirane malire a Little League, bungwe la baseball ya ana: wa zaka 11 kapena 12 asapitirire kuponya ka 85 pa tsiku, ndipo akafika ka 66 apume masiku anayi. Pafunika munthu mmodzi wokhala ndi kope pa masewero alionse, wowerenga kuponya kulikonse osati ma inning.