Mipingo ithandize a ku Dzaleka ndi malo olima, osati mbewu zokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mipingo imene ikuthandiza anzathu othawa kwawo ku Dzaleka, kuno ku Dowa, pa za ulimi. Ntchitoyi ndi yabwino ndithu, mabungwe a mipingo ngati CARD akhala akugwira ntchito limodzi ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, kuti anthuwa azipeza kangachepe paokha ndipo tikuwathokoza, koma ine ndikuona kuti penipeni pomwe pali vuto sitikukhudzapo.

Kampu ija anaitsegula mu 1994 pamalo pomwe panali ndende, anaikonzera anthu pafupifupi 12,000 koma pano muli anthu opitirira 50,000, nyumba zachita kuthithikana moti ngakhale pobzala mpiru palibe. Ndiye mukampatsa munthu mbewu ndi khasu akalima pati? Ambiri amachita lendi minda kumidzi yozungulira, mgwirizano wake wapakamwa basi, chaka chino walima wathira manyowa nthaka yayamba kubwerera, chaka chamawa mwini munda akuti ndaufuna munda wanga, kapena wakweza mtengo, ndipo wothawa kwawo akadandaula kwa ndani?

Kulimako amatha, tisanamizanepo. Pitani ku msika wa Lachiwiri ku Dzaleka mukaone tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi, anzathu a ku Burundi ndi Rwanda dimba amalidziwa mwinanso kuposa ena a ife. Sakusowa maseminala ayi. Akusowa malo oti akhale nawo zaka zingapo mosawopa kulandidwa, madzi othirira, komanso feteleza, paja makuponi a boma ogulira feteleza wotsika mtengo amafuna chiphaso cha unzika ndiye iwowa sawaona n'komwe.

Apa ndipomwe ndikuti mipingo ili ndi mphamvu imene mabungwe ena alibe. Maparishi ndi mamishoni ambiri ali ndi malo, ena angokhala tchire, bwanji osabwereketsako maekala angapo pamgwirizano wolemba, mfumu ikhale mboni, n'kuikapo pampu ya sola? Komanso makalabu ake akhale osakaniza, othawa kwawo ndi eni mudzi limodzi, chifukwa nafenso kuno umphawi ulipo ndipo mukathandiza mbali imodzi yokha mumangoyambitsa nsanje. Chonde pogawa musamafunse kuti mumapemphera kuti, mu kampumo mulinso Asilamu a ku Somalia.

Chinanso ndi lamulo. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo ndondomeko ya boma ndi yoti anthuwa azikhala mu kampu, nchifukwa chake mu 2023 apolisi anawakusa m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, chaka chomwechonso WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, inadula chithandizo cha chakudya ndi theka. Ndiye munthu walima tomato wake wapsa, kuti apite naye ku Lilongwe mpaka chilolezo, mapeto ake amangogulitsa kwa mavenda pamtengo wolira. Abusa ndi mabishopu athu akalemba kalata ya ubusa dziko lonse limagwedezeka, tinaona mu 1992. Nanga pa nkhani iyi bwanji ali chete? Akauze aphungu kuti lamuloli alikonze, mlimi wa ku Dzaleka azitha kukwera minibasi ndi mabasiketi ake kukagulitsa yekha.

Wowerenga wanu,
Mlimi wa ku Dowa