Za manambala amene akukusowetsani tulo

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Leeds pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tadzuka bwino. Uthenga wanu ndinaulandira, ndipo ngakhale munalemba ngati nthabwala, mawu akuti mukangoika nkhani pa intaneti tulo sitibwera mpaka mutaona kuti aitsegula anthu angati, komanso kuti pa nthawi yopuma kuntchito tiyi amazizira m'kapu inu muli maso pa foni, sanandiseketse ayi.

Musadziimbe mlandu kwambiri, chifukwa njala yofuna kuona manambalayo anthu anachita kuikonza. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa zamaganizo wa ku Harvard, B. F. Skinner, anaonetsa kuti nkhunda ikamajompha kabatani n'kumalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chigwa liti, imajompha mwakhama kwambiri ndipo imachedwa kuleka kusiyana ndi ija imene imalandira nthawi zonse. Makina a juga amagwira anthu m'njira yomweyo. Inunso simudziwa ngati nkhani ya lero iwerengedwe ndi anthu ochepa kapena ifalikire paliponse, ndipo kusadziwako ndi kumene kumakubwezerani ku foni. Kabatani ka Like kanabwera pa Facebook mu 2009, koma mu 2017 Justin Rosenstein, mmodzi mwa amene anakapanga, anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti anafika podziikira malire pa foni yake yomwe. Nawo a Instagram anayesa kubisa chiwerengero cha ma Like ku Canada mu 2019. Ngati eni ake ophika akuopa kulawa, ife odya tiyenera kudabwa.

Chinanso n'chakuti nambala imene mukuidikirira usikuyo siikuuzani zambiri. Kwa zaka zambiri Facebook inkati munthu waonera kanema ngakhale atangomuona masekondi atatu, ndipo amene watsegula nkhani yanu n'kuitseka asanamalize chiganizo choyamba amawerengeredwa mofanana ndi amene waiwerenga mpaka kumapeto. Ena mwa alendo amene mumasangalala nawowo si anthu n'komwe, koma mapulogalamu a kompyuta oyendayenda pa intaneti. Pamene owerenga anu enieni ambiri kuno saoneka m'manambalamo, pakuti amagula kabandulo kochepa ka WhatsApp, ndiye nkhani yanu imawafika wina ataikopera n'kuiponya m'gulu la mpingo kapena la pabanja. Ija munalemba yofotokoza mmene Amalawi okhala kunja amasonkherana ndalama kuti mtembo wa mnzawo ukaikidwe kwawo, ndinaimva ikuwerengedwa mokweza pasiwa, mnyamata mmodzi atagwira foni yosweka galasi, akuluakulu atazungulira moto akumuuza kuti abwereze pamene panali mitengo ya ndege. Kwa inu kumeneko, gulu lonselo linaoneka ngati munthu mmodzi, kapenanso silinaoneke n'komwe.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni si tulo tanuto, ndi zolemba zanu. Ndikhululukireni kuti ndilankhule mosabisa monga tinkachitira kusukulu. Miyezi yapitayi nkhani zanu zafupika, mitu yake yayamba kukuwa, ndipo mwayamba kuthamangira mikangano ya andale ndi mijedo ya oimba, zimene anthu ambirimbiri akulemba kale ndipo ena akuzilemba bwino kuposa inu. Nkhani zazitali zija, za amayi ogwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba, za ana obadwira kumeneko amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, zasowa, ndipo ndikuganiza kuti zasowa chifukwa sizinkakweza manambala msanga. Komatu zimenezo ndi zimene palibe wina angatilembere, popeza amene amazidziwa alibe nthawi yolemba ndipo olemba ambiri sanazione ndi maso.

Sindikunena kuti musamayang'ane chiwerengerocho, chifukwa wolemba aliyense amafuna kudziwa ngati akumveka. Pempho langa n'lakuti muzimitse timauthenga tija timene timalira pa foni munthu akakonda nkhani yanu, musankhe tsiku limodzi pa mlungu loonera manambala, ndipo nkhani muziyamba mwailemba m'kope foni ili m'chipinda china. Mukamaliza, itumizeni kaye kwa anthu awiri kapena atatu amene sangakunyengerereni, ndipo ine ndikudzipereka kukhala mmodzi wa iwo. Yambani ndi ija munandilonjeza, ya agogo amene munkawasamalira omwe ankakufunsani za nyanja ya Malawi tsiku ndi tsiku chifukwa anagwirako ntchito kuno kale. Musaidule, ngakhale italike bwanji.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine bwenzi lanu la kalekale.