Polowa nyimbo zauzimu musataye luso la country

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa zomwe tikuona kuno ku Dedza anyamata oimba country akatembenuka mtima n'kuyamba nyimbo zauzimu. Ambiri amapachika gitala poganiza kuti ndi wa kumowa, n'kuthamangira kiyibodi yoliza yokha ng'oma. Zimatiwawa, chifukwa luso lomwe akutayalo ndi lomwe mipingo yathu ikusowa.

Aphunzire kwa Randy Travis wa ku America. Anabadwa mu 1959 ku Marshville, North Carolina. Asanatchuke ankaphika ndi kutsuka mbale pamalo ena achisangalalo ku Nashville, uku makampani ojambula nyimbo akumukana. Chimbale cha Storms of Life cha mu 1986 ndicho chinamutchukitsa. Pomwe anatulutsa chimbale chauzimu cha Inspirational Journey mu 2000, mawu ake a besi aja, gitala ndi kasimbidwe kake ka nkhani anazisiya momwemo. Anangosintha uthenga.

Tamverani nyimbo yake ya Three Wooden Crosses, yomwe inafika pa nambala 1 pa nyimbo za country ku America mu 2003. Mlimi, mphunzitsi, mlaliki ndi mayi woyendayenda akwera basi imodzi, basiyo ichita ngozi, koma pamseu pazikidwa mitanda itatu yokha. Womvera amadikira mpaka ndime yomaliza kuti adziwe yemwe anapulumuka. Ulaliki wonse uli m'nkhanimo, ndipo anthu athu, omwe anakulira nthano, nyimbo yotere saiiwala. Ife timangobwereza mawu anayi kwa mphindi 8.

Nyimbo yotere siifuna zambiri. Makodi (magwiridwe a zala pa nsambo za gitala) atatu, G, C ndi D, akwana. Lembani ndime zitatu ndi kolasi imodzi, zonse zisapitirire mphindi 4. Vuto limabwera pa kiyi, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa mawu a nyimbo. Woimba wa mawu aakulu amasankha yomukomera yekha, ndiye amayi a mumpingo akafuna kuthira mang'ombe amapezeka akukwera mopitirira kapena kutsika mpaka mawu kuzima. Yesani kolasi ndi amayi awiri atatu musanajambule. Ikawatsikira kwambiri, ikani kapo (kachipangizo kopanira nsambo) pa fureti yachiwiri, kutanthauza mpata wachiwiri wa pakhosi la gitala: zala zigwira momwe munazolowera koma nyimbo ilira mu A. Kiyibodi ikhalepo, inde, koma ng'oma zake zitsike. Mawu akamira, nkhani yafa.

Kuzizira kwa kuno nakonso kumasokoneza. Mu June ndi July nsambo zachitsulo zimakungika ndi chisanu, kotero gitala wochunidwa panja amasintha mawu akalowa m'tchalitchi modzaza anthu. Muikeni momwe muimbiremo kwa mphindi ngati 20, kenako muchune. Mukatha kuimba pukutani nsambo ndi kansalu kouma, apo ayi thukuta ndi chinyezi cha chifunga zibweretsa dzimbiri. Ndipo chonde, nsambo zachitsulo musamange pa gitala wa nsambo za nayiloni. Zimakoka kwambiri mpaka kuzula kathabwa komangirapo nsambo kapena kupinda khosi la gitala.

Kwa abusa ndi akulu ampingo, kuimba zauzimu sikuchotsa mayesero. Travis yemweyo anamangidwa mu 2012 chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, ndipo mu 2013 anagwidwa ndi sitiroko yomwe inamulanda mphamvu yoyankhula bwino. Mnyamata wochoka koimba m'mabala wasiya pomwe ankapezera ya ndiwo. Mukamuitana ku msonkhano ku Linthipe kapena ku Lobi, mupatseni yoyendera ndi kangachepe, osangoti Mulungu akudalitseni. Njala ndiyo imabwezera ambiri komwe anachoka.

Oimbanu, lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso. Ngati mawu analemba ndi mnzanu, monga momwe Kim Williams ndi Doug Johnson analembera nyimbo ya mitanda ija, dzina lake lilembedwe ndipo mugwirizane papepala za kagawidwe ka ndalama musanalowe mu situdiyo.

Aphunzitsi a kwaya,
Dedza